N'chifukwa chiyani Joker sakhalitsa m'ndende?

Funso: Ndakhala ndikuwerenga makomiki a Batman ndi Spider-Man kwa kanthawi ndithu, koma pali chinthu chimodzi chimene chimanditopetsa. Chigawenga chimagwidwa, chimatsekeredwa, pakapita miyezi iwiri chatuluka n'kuphanso anthu ena. Zina zimafa ife tikuona ndi maso, kenako timazipezanso zili moyo. Kodi olembawa amatiyesa ana? Nanga Batman osangomupha Joker bwanji kuti anthu a ku Gotham apume?

Yankho: Achimwene, kutopa kwanuko n'komveka, ndipo olemba makomikiwo akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zoposa 80. Amene amatsegula chitseko cha Joker si mlonda wogona pantchito ayi. Ndi mkonzi wa ku kampani ya DC, imene imafalitsa makomiki a Batman, ndipo anayamba kutero m'buku lomwelo limene Joker anaonekera koyamba.

Linali Batman nambala 1, m'chaka cha 1940. M'bukumo munali nkhani ziwiri za Joker, ndipo kumapeto kwa yachiwiri anadzibaya yekha ndi mpeni pachifuwa ali mkati molimbana ndi Batman. Mlembi Bill Finger ankafuna kuti athere pomwepo, poopa kuti Batman angaoneke wolephera ntchito ngati mdani yemweyo azingobwerabwera. Mukuona kuti nkhawa yanuyi Finger anali nayo kale. Koma mkonzi Whitney Ellsworth anakana. Iye anaona kuti munthu wa nkhope yoyera mbuu, tsitsi lobiriwira ndi kamwa losekerera nthawi zonse si wotaya, choncho analamula kuti awonjezere kachithunzi kumapeto kosonyeza dokotala akudabwa kuti munthuyu akadali moyo.

Kuti mumvetse maganizo a Ellsworth, taganizirani mmene malondawa amayendera. Buku wamba lili ndi tsamba lomaliza, komiki ya Batman ilibe. Imatuluka mwezi ndi mwezi, mlembi akachoka amalowa wina, ndipo anthu onse a m'nkhanimo ndi katundu wa kampani. Mlembi amangobwereka, ndiye ayenera kubweza zonse zili bwinobwino kuti wobwera pambuyo pake adzapeze pogwira. Komanso mdani wogwira mtima savuta kupha koma amavuta kupeka. Mwa mazanamazana amene ayesedwapo, ochepa okha ndi amene anakhazikika m'mitu mwa owerenga. Kwinaku wogula aliyense akufuna kuti nkhani imene walipira ithe, woipa alandire zake. Ndende ndiyo imakwaniritsa zofuna ziwirizi nthawi imodzi. Pa tsamba lomaliza chitseko chachitsulo chatsekedwa, wowerenga wakhutira, koma katundu wa kampani sanawonongeke.

Njira ina inalipo. Chester Gould, amene ankajambula nkhani za wapolisi Dick Tracy m'manyuzipepala a ku America kuyambira 1931, ankapha zigawenga zake mosanyinyirika. Flattop, amene anthu anamukonda kwambiri, anamira m'madzi mu 1944 ndipo Gould sanamudzutsenso. Mtengo wake unali woti azipeka nkhope yatsopano nthawi ndi nthawi. Makampani a makomiki sanafune mtolo umenewo.

Ngakhale chilango cha imfa anachiyesa msanga n'kuchizemba. Mu 1942, mu Detective Comics nambala 64, Joker anadzipereka yekha kupolisi, anaulula milandu yake yonse, ndipo anaphedwa pa mpando wamagetsi. Anyamata ake anatenga mtembo n'kuubaya mankhwala, munthu n'kudzuka. Atatero ankayenda poyera mu Gotham akunena kuti lamulo silingamukhudzenso pa milandu yakale popeza chilango chake analandira kale.

Kenako kunabwera chaka cha 1954. Dokotala wa matenda a m'maganizo Fredric Wertham anafalitsa buku lonena kuti makomiki akuwononga ana, aphungu a nyumba ya Senate anaitanitsa ofalitsa kuti adzayankhe, ndipo makampani, poopa kuti boma lingawaikire lamulo, anadzipangira okha malamulo otchedwa Comics Code. Limodzi mwa malamulowo linkati m'nkhani iliyonse chabwino chizigonjetsa choipa ndipo wolakwa azilangidwa. Ena ankaletsa kuonetsa nkhanza zoopsa ndiponso kunyozetsa apolisi ndi oweruza. Komiki yopanda chidindo cha Code pachikuto ogulitsa ambiri ankaikana. Zotsatira zake, chilango chinakhala chokakamiza pa nkhani iliyonse, koma milandu inachepa mphamvu. Joker, amene anali atayamba kale kufewetsedwa, anasanduka wakuba wa nthabwala, wotchera misampha yoseketsa. Munthu wotero akathawa m'ndende kakhumi, palibe amene amalira maliro.

Makomiki a nthawi imeneyo anali ngati nthano za Kalulu ndi Fisi. Usiku uno Fisi wapsa mchira, mwinanso wafa kumene, mawa agogo akuyamba ina ndipo Fisi ali bwinobwino. Palibe mwana amene amafunsa kuti wadzuka bwanji, chifukwa nthano ya lero sikumbukira ya dzulo.

Vuto limene mukulionali linayamba pamene makomiki anayamba kukumbukira. Kuyambira 1961, Stan Lee, Jack Kirby ndi Steve Ditko ku Marvel, kampani yofalitsa Spider-Man, anamanga dziko limene zochitika za mwezi uno zimakhudza mwezi wamawa. Peter Parker, yemwe ndi Spider-Man, anamaliza sekondale mu 1965 n'kupita ku koleji. Pansi pa chithunzi pankalembedwa timawu tokukumbutsani nambala ya buku limene zinazake zinachitikira. Owerenga nawo anakula, anayamba kusunga mabuku ndi kuwerengetsa. Malamulo a Code atafewetsedwa mu 1971, magazi anabwerera. Mu 1973, mu Amazing Spider-Man nambala 121, Green Goblin anaponya Gwen Stacy, chibwenzi cha Peter, kuchokera pamwamba pa mlatho ku New York, ndipo mtsikanayo anafadi. Chaka chomwecho, mu Batman nambala 251, Dennis O'Neil ndi Neal Adams anabwezeretsa Joker wakupha uja: atathawa kuchipatala anayamba kusaka anyamata ake akale mmodzimmodzi, wina n'kumupatsa ndudu yophulika. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chitseko chimene chinali choyenera wakuba wa nthabwala anachisiya momwemo, koma wodutsapo tsopano anali wakupha anthu, ndipo buku linkakumbukira maliro alionse.

Olemba anafunika chifukwa chomveka choti munthu wotere asanyongedwe. Chifukwacho ndi Arkham, chipatala cha zigawenga zodwala misala, chimene O'Neil anachiyambitsa mu Batman nambala 258 mu 1974. Khoti likati munthu ndi wodwala, sapatsidwa chilango cha imfa, ndipo palibe zaka zowerengeka zoti wowerenga azidikira kuti zithe. Zigawenga zimene amaziyesa zabwinobwino m'mutu zimapita kundende ya Blackgate. Superman anali ndi yake kuyambira 1961, Phantom Zone, malo amene a ku Krypton, dziko la kwawo kwa Superman, ankaponyako akaidi m'malo mowapha. Kumeneko munthu sakalamba, safa, amangoyandama ngati mzukwa, moti dziko la Krypton litaphulika akaidiwo anapulumuka chifukwa cha chilango chawo chomwecho. Marvel nayo ili ndi ndende zake monga Vault ndi Raft. Zonsezi ntchito yake ndi yosunga mdani mpaka mlembi wina adzamufune. Mu 1993, m'nkhani ya Knightfall, chigawenga china, Bane, anaphwanya makoma a Arkham n'kutulutsa onse tsiku limodzi kuti Batman atope asanamuthyole msana.

Za Arkham ndili nazo mawu, chifukwa zimandipweteka. M'malamulo enieni, monga lamulo la M'Naghten la ku England la 1843 limene madera ambiri a ku America amatsatirabe, munthu amakhululukidwa chifukwa cha misala pokhapokha ngati matendawo anamulepheretsa kudziwa chimene akuchita kapena kudziwa kuti n'cholakwa. Joker amakonza mapulani kwa miyezi, amalemba anthu ntchito, amabisala apolisi. Amadziwa bwino lomwe zimene akuchita. Khoti lenileni likanamuweruza ngati munthu wina aliyense. Kuti kampani isunge chigawenga chake, yaphunzitsa mibadwo ya owerenga kuti wodwala m'maganizo ndi munthu woopsa, woseka pamaliro, wosachiritsika. Anthu ambiri odwala matendawa sapweteka aliyense, ndipo manyazi amene nkhani zotere zimawonjezera amalepheretsa ena kupita kuchipatala.

Chaka chimene chinaika zonse poyera ndi 1988. The Killing Joke ya Alan Moore ndi Brian Bolland imayamba Batman akulowa mu Arkham usiku wamvula kuti akakambirane ndi Joker. Akukhala pansi moyang'anizana naye m'chipinda chamdima, winayo akungoyala makadi patebulo osayankha. Batman akumuuza kuti akuona kuti mapeto ake mmodzi adzapha mnzake, ndipo akufuna ayese kupewa zimenezo. Atamugwira dzanja, utoto woyera ukutsalira pa gulovu yake. Amene wakhala akulankhula nayeyo ndi munthu wina wopakidwa utoto, mwiniwake anathawa kale. M'buku lomwelo Joker akuwombera Barbara Gordon, mwana wa Commissioner Gordon, mkulu wa apolisi a ku Gotham, pakhomo la nyumba, chipolopolo n'kuwononga msana. Barbara anakhala pa njinga ya olumala mpaka 2011, zaka 23. Joker, chaka cha 1988 chisanathe, anali panja akumenya Jason Todd, mnyamata wachiwiri kukhala Robin, wothandiza Batman, ndi chitsulo, n'kumusiya m'nyumba yotcheredwa bomba. A DC anapatsa owerenga manambala awiri a foni kuti asankhe, ndipo 5,343 anati mnyamatayo afe, 5,271 anati apulumuke. Batman atamulondola wakuphayo anapeza kuti wasankhidwa kukhala kazembe wa dziko la Iran ku United Nations, woti lamulo silingamugwire. Mu 1999, kumapeto kwa No Man's Land, anaphanso Sarah Essen, mkazi wa Commissioner Gordon, ndipo Gordon anangomuwombera Joker bondo. Mukawerenga mndandanda umenewu mupeza kuti m'makomikiwa chilango chokhalitsa chimagwera ophedwa ndi ovulazidwa.

Chinyengo cha ukazembecho si cha Joker yekha. Doctor Doom, mdani wa gulu la ngwazi la Fantastic Four kuyambira 1962, ndi wolamulira dziko la Latveria, ndiye apolisi a ku New York samukhudza, ndipo akaoneka ngati wagonja kawirikawiri zimadziwika kuti inali loboti yofanana naye. Lex Luthor, mdani wa Superman, kuyambira pamene John Byrne anamusandutsa mpondamatiki mu 1986, amatetezedwa ndi maloya ndi ndalama, mpaka anapambana chisankho cha pulezidenti wa America m'nkhani za mu 2000. Awa ine sindidandaula nawo, chifukwa zoti wamphamvu amazemba khoti wowerenga aliyense amazidziwa.

Tsopano funso lanu lenileni, loti osangomupha bwanji. Linafunsidwa m'komiki momwemo, ndi munthu woyenera kulifunsa. Jason Todd anabwezeretsedwa mu 2005 ndi mlembi Judd Winick, m'nkhani ya Under the Hood. Kumapeto kwake wagwira Joker, wamumanga, ndipo akuuza Batman kuti wamukhululukira polephera kumupulumutsa, koma chimene sakumvetsa n'choti munthu ameneyu akadapumabe. Sakupempha kuti aphe zigawenga zonse, akupempha mmodzi yekhayu. Batman akuyankha kuti kupha Joker sikovuta, n'kophweka mopitirira, amakulakalaka tsiku ndi tsiku, koma akangoyamba sadzabwereranso. Jason akumuponyera mfuti kuti asankhe. Batman akukana kuwombera, akuponya chida chake chija chooneka ngati mleme, n'kuvulaza Jason pakhosi.

Ambiri amati yankho la Batman ndi lofooka. Ine ndimaliona kuti ndi loona, ngakhale silitonthoza. Batman ndi munthu wobisa nkhope, wosasankhidwa ndi aliyense, wosayankha kwa aliyense. Chimene chimapangitsa kuti Gordon agwire naye ntchito n'choti amathera pa kugwira, kuweruza amasiyira khoti. Akadzipatsa mphamvu yopha, ndani adzamuuze kuti apa walakwitsa munthu? Chuck Dixon anaiyesa mfundoyi mpaka pamapeto mu The Joker: Devil's Advocate mu 1996. Joker akuweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu wa masitampa opakidwa poizoni, mzinda wonse ukusangalala, koma Batman akuona kuti mlandu umenewu wokha sanapalamule ndi iye, ndipo akufufuza mpaka kupeza wolakwa weniweni. Chaka chomwecho Mark Waid ndi Alex Ross, mu Kingdom Come, anaonetsa mbali inayo. Joker wapha anthu ku ofesi ya Daily Planet, kuphatikizapo Lois Lane, wokondedwa wa Superman. Ngwazi yatsopano yotchedwa Magog ikumupha ali m'manja mwa apolisi, khoti likuimasula, anthu akuiombera m'manja, Superman akuchoka mokhumudwa, ndipo dziko likutsala m'manja mwa ngwazi zosasamala kuti wafa ndani. Superman mwiniwake anaphapo mu 1988, mu Superman nambala 22, pamene anaweruza Zod, chigawenga cha ku Krypton, ndi anzake awiri amene anapulula dziko lathunthu. Chikumbumtima chinamuzunza mpaka anachoka padziko lapansi kwa kanthawi.

Choncho ine mlandu sindiuika pa Batman. Ndimauika pa olemba ndi akonzi amene amachulukitsa mitembo kuti nkhani yawo ipose ya mnzawo, akudziwa bwino kuti wakuphayo sadzaloledwa kulipira. Joker akapha anthu atatu n'kugwidwa, lamulo la Batman limaoneka laulemu. Akapha mazana chaka chilichonse, lamulo lomwelo limaoneka ngati kusasamala, pomwe Batmanyo sanasinthe kanthu.

Ndiponso kupha sikuthetsa kanthu m'mabuku amenewa. Norman Osborn, Green Goblin uja, anafa mu Amazing Spider-Man nambala 122, atabayidwa pachifuwa ndi chombo chake chomwe. Anakhala wakufa zaka 23, ndipo imfa ya Gwen inali ndi kulemera kwake chifukwa wakuphayo analipira. Mu 1996 a Marvel, pofuna munthu wamkulu woti amusenzetse chisokonezo cha nkhani ya Clone Saga, ananena kuti mankhwala amene anamupatsa mphamvu anachiritsanso bala lake, ndipo nthawi yonseyi ankabisala ku Ulaya. Pofika 2009 wakupha Gwen Stacy anali mkulu wa chitetezo cha dziko lonse la America. Kraven, mdani wina wa Spider-Man, anadzipha mu 1987 kumapeto kwa nkhani imene ambiri amaiyesa yopambana mwa nkhani za Spider-Man, koma mu 2010 anamudzutsa. Wonder Woman anathyola khosi la Maxwell Lord mu 2005, ndipo mu 2010 Lord anali moyo. Amene amakhalitsa kumanda ndi amene alibe msika. Mu 1986, mu Captain America, munthu wotchedwa Scourge anawombera gulu la tizigawenga tosatchuka titasonkhana m'bala, chifukwa a Marvel ankafuna kuchotsa mayina amene sankagwiranso ntchito. Punisher, amene wakhala akupha adani ake kuyambira 1974, n'chifukwa chake alibe adani odziwika kupatula Jigsaw ndi ena owerengeka, ndipo akakumana ndi Kingpin, mkulu wa zigawenga za ku New York, nkhani imapeza njira yoti Kingpin apulumuke.

Pali njira yachitatu imene ine ndimaikonda kuposa ndende ndi manda, yoti woipa asinthe. Mu 1965, mu Avengers nambala 16, Hawkeye, Quicksilver ndi Scarlet Witch, onse oyamba ngati adani, analandiridwa m'gulu la ngwazi. Rogue, nayenso woyamba ngati mdani, analowa m'gulu la ngwazi la X-Men mu 1983 anzake akunyinyirika. Mu 1987 John Ostrander anayamba Suicide Squad, mmene Amanda Waller amatenga akaidi a kundende ya Belle Reve n'kuwatuma ntchito zoopsa za boma posinthana ndi kuchepetsa zaka zawo, atawaveka zibangili zophulika kuti asathawe. Pamenepa kutuluka kwa chigawenga kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo funso likutembenukira kwa boma limene likuchigwiritsa ntchito. Mu 1997 Kurt Busiek anayamba Thunderbolts, zigawenga zonamizira ungwazi kuti anthu azikhulupirire, zina mwa izo n'kupeza kuti kuthokozedwa ndi anthu kukuzikomera kuposa kuba.

Koma kusintha nakonso kumatsata msika. Kumakhalitsa ngati munthuyo akugulitsa bwino ali ngwazi, ndipo kumabwezedwa ngati ngwazi ina ikumufuna kuti akhale mdani wake. Magneto, mdani wa X-Men, ndiye chitsanzo chachikulu. Chris Claremont anamupatsa mbiri yoti ali mwana anapulumuka ku Auschwitz, msasa wopherako anthu wa chipani cha Nazi, anamuyendetsa pang'onopang'ono mpaka anavomera kuzengedwa mlandu ku Paris mu Uncanny X-Men nambala 200 mu 1985, ndipo Xavier, mtsogoleri wa X-Men, anamusiyira sukulu yake. Pofika 1991 anali mdani wa X-Men kachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akuwoloka uku ndi uku. Harvey Dent, Two-Face, anachiritsidwa nkhope n'kusiya zoipa kalekale mu 1943, mu 1954 bomba linamuwononganso, ndipo nkhani yomweyo yabwerezedwa kangapo. Iyeyu ndiye amandimvetsa chisoni koposa, chifukwa anali bwenzi la Batman, ndipo kugwa kwake kulikonse kumauza wowerenga kuti munthu sasintha, pomwe chimene chamugwetsa n'chakuti kampani ikufuna Two-Face.

Ngati mukufuna nkhani ya ngwazi imene chilango chimakhala chilango, fufuzani kumene mlembi ndiye mwini wa anthu ake, kapena kumene nkhani ili ndi mapeto. Mafilimu amapha adani mosavuta chifukwa filimu imatha: Joker anafa mu Batman ya 1989, Osborn anafa mu Spider-Man ya 2002. M'makomiki, yesani Invincible ya Robert Kirkman, yofalitsidwa ndi Image kuyambira 2003 mpaka 2018, manambala 144 basi. Muli munthu amene anapha anthu ambirimbiri, anathawa, analapa, ndipo zinamutengera zaka kuti banja lake limulandirenso, popanda mkonzi womubwezera ku zoipa kuti agulitse buku la mwezi wamawa. Dziwani chabe kuti muli magazi ambiri, si yopatsa ana.